Caper ndi luni: zomera zapachibale zokhala ndi michere yolimbana ndi kutupa

Caper ndi chitsamba chaminga chimene chimamera m'malo ouma ndi amiyala a m'mayiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, monga Italy, Spain, Morocco ndi Turkey. Dzina lake la sayansi ndi Capparis spinosa. Anthu amathyola maluwa ake asanamasule pamodzi ndi tizipatso take, n'kuzisunga mumchere kapena muvinega kuti azikometsera chakudya. Kuno kwathu caper ndi chakudya chachilendo chobwera m'timabotolo kuchokera kunja, koma m'bale wake, luni, amamera yekha m'minda ya m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi mvula ikangogwa.

Ubale wa zomera ziwirizi

Kwa zaka zambiri akatswiri a zomera ankaika luni, amene dzina lake la sayansi ndi Cleome gynandra, m'banja limodzi ndi caper. Masiku ano anampatsa banja lakelake, komabe zonse ziwiri zili m'gulu lalikulu lotchedwa Brassicales, momwe mulinso mpiru, kabichi, chammwamba ndi papaya. Chimene chimagwirizanitsa zomera za m'gululi ndi mankhwala achilengedwe otchedwa glucosinolate, amene chomera chimadzitetezera nawo ku tizilombo.

Mu caper ndi mu luni, mtundu wodziwika wa mankhwalawa ndi glucocapparin. Tsamba kapena duwa likatafunidwa kapena kudulidwa, glucocapparin amasweka n'kusanduka methyl isothiocyanate, yemwe amachititsa fungo lamphamvu ndi kukoma koluma lilime. Amene anadyapo luni wongothyola kumene amaidziwa bwino mphamvu imeneyi.

Michere ina

Caper amadziwikanso ndi gulu la michere lotchedwa flavonoid, makamaka quercetin, kaempferol ndi rutin. Ali m'gulu la zakudya zokhala ndi quercetin wochuluka kwambiri, kuposa anyezi. Timadontho toyera timene timaoneka pa caper wa m'botolo si nkhungu ayi, ndi rutin amene waundana. Masamba a luni nawonso ali ndi michere ya m'gululi, kuphatikiza ayironi, kashiamu, vitamini C ndi beta-carotene, amene thupi limasandutsa vitamini A.

Kutupa n'chiyani?

Kutupa ndi njira imene thupi limadzitetezera munthu akavulala kapena tizilombo tikalowa. Malowo amatentha, amafufuma ndi kupweteka pamene chitetezo chikugwira ntchito. Vuto limadza kutupako kukapitirira mwakachetechete kwa miyezi kapena zaka, chifukwa kumagwirizana ndi nyamakazi, shuga ndi matenda a mtima.

Pa kafukufuku wa m'malabotale, wochitidwa pa maselo ndi pa mbewa, madzi ofinyidwa m'zipatso za caper aonetsa kuchepetsa kutupa. Quercetin ndi kaempferol amafooketsa zina mwa zinthu zimene thupi limatulutsa poyambitsa kutupa, monga COX-2, amenenso mankhwala a ibuprofen amalimbana naye. Komabe mbewa si munthu. Kafukufuku wa pa anthu ndi wochepa, ndipo matumbo athu amayamwa gawo laling'ono chabe la quercetin wa m'chakudya. Choncho caper ndi luni ndi zakudya zothandiza thupi, osati mankhwala olowa m'malo mwa a kuchipatala.

Luni ku Dowa ndi Ntchisi

Luni amakonda nthaka yachonde, n'chifukwa chake amachita bwino pafupi ndi makola a ng'ombe ndi pamalo otayira zinyalala. Amadziwika ndi tsamba lake logawika timasamba tisanu ngati zala za dzanja. M'miyezi ya Disembala mpaka Febuluwale, pamene chimanga sichinache ndipo mabanja ambiri ali pa njala, luni amakhala ndiwo yodalirika, ndipo amayi amamugulitsa m'misika monga ya Mponela ndi Madisi. Popeza maboma awiriwa amalima mtedza wambiri, kutendera luni ndi nsinjiro n'kosavuta. Nsinjiro zimachepetsa kuwawa, ndipo mafuta ake amathandiza thupi kuyamwa beta-carotene.

Kaphikidwe kali ndi mbali yaikulu. Kuwiritsa nthawi yaitali n'kutaya madzi kumachotsa michere yambiri, ndipo soda kapena chidulo zimawononga vitamini C. Popanga mfutso, kuyanika pamthunzi podutsa mphepo kumasunga michere yochuluka kusiyana ndi kuyanika padzuwa lamphamvu.

Chenjezo

Caper wa m'botolo amakhala ndi mchere wambiri. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mchere patsiku, motero odwala BP amutsuke kaye ndi kudya pang'ono.

M'tchire la ku Malawi mulinso zitsamba za mtundu wa caper, monga Capparis tomentosa, chitsamba choyanga chokhala ndi minga yokhota ndi zipatso zozungulira. Ichi chili ndi poizoni ndipo chimapha ngakhale ziweto, kotero sichoyenera kudyedwa chifukwa chongofanana dzina. Wofuna michere ya caper safunika kupita kutchire kapena kusitolo yodula: mpiru, chammwamba ndi luni wa kuseri kwa khola ali pafupi.