KUCOKERA PA MCENGA KUFIKA PA BOLODI LA MAGETSI
Mbiri ya zipangizo za mphunzitsi m'dziko la Asenga

Aphunzitsi anzanga, pa msonkhano wina wa aphunzitsi kuno kwa Kambombo mnzathu wina anationetsa cithunzi coyenda pa foni yace. Tinaona mphunzitsi wa ku Ulaya alikulemba ndi cala pa bolodi loyera lowala ngati mwezi, ndipo pamene anakhudza mapu a Africa mitsinje inaonekera yokha. Ena anaomba m'manja, koma mkulu wina amene watsala pang'ono kupuma nchito anangopukusa mutu, pakuti tsiku lomwelo anali atadula coko cimodzi patatu kuti cikwanire makalasi atatu. Ine ndine mwana pa nchito iyi, ndipo sindingaphunzitse akulu anga kugwira coko. Koma ndinafuna kudziwa kumene zipangizo zathu zinacokera, ndi cifukwa cace zina zinakhazikika pakati pathu pamene zina zinafera m'kabati ya ahedi. Zimene ndinapeza ndizo ndalemba pano.

MCENGA, SILETI NDI BOLODI

Cipangizo coyamba ca sukulu za kuno cinali nthaka. Agogo athu amasimba kuti mphunzitsi anali kusalaza mcenga pansi pa mtengo, nalemba a, e, i, o, u ndi cala, ndipo ana anali kutsatira pambuyo pace. Tisacite nazo manyazi zimenezi. Andrew Bell, mbusa wa ku Scotland amene anayang'anira sukulu ya ana amasiye ku Madras m'dziko la India kuyambira 1789, anaona ana a kumeneko alikulemba pa mcenga, ndipo anatengera njira yomweyo ku sukulu yace. Pambuyo pace njirayi inafika m'sukulu za ana aumphawi ku England, kumene Joseph Lancaster anaiphatikiza ndi masileti.

Bolodi lakuda nalonso liri ndi cibale ndi Scotland. Ambiri amachula James Pillans, amene anali mkulu wa High School ya ku Edinburgh kuyambira 1810, kuti ndiye mmodzi wa oyamba kujambula mapu pa bolodi lalikuru ndi coko ca mitundumitundu, kuti kalasi lonse lione cinthu cimodzi pa nthawi imodzi. Kale mphunzitsi anali kuyendera mwana aliyense pa sileti yace. Ndi bolodi anatha kuphunzitsa ana 60 pamodzi.

Zipangizo izi zinafika kwathu kudzera ku Nyasaland. Mishoni ya Livingstonia inayamba pa Cape Maclear mu 1875, inasamukira ku Bandawe mu 1881, ndipo mu 1894 Dotolo Robert Laws anayamba kumanga sukulu yaikuru pa Khondowe, kumene anaphunzitsa aphunzitsi, amisiri a matabwa ndi osindikiza mabuku. Pamene zaka za m'ma 1800 zinali kutha, Mbusa Donald Fraser, amene pambuyo pace anakhala pa Loudon (Embangweni), anatsikira ku cigwa ca Luangwa kukaona Asenga. Otsegula sukulu m'midzi anali aphunzitsi a Cingoni ndi a Citumbuka, ena a iwo ana a anthu omwe aja amene kale anali kubwera kuno ndi nkhondo. Anabwera wapansi, atasenza bolodi, masileti ndi mapepala a zilembo. Mu 1922 mishoni ya Chasefu inatsegulidwa, ndipo nchito ya sukulu ku dera lino inapeza pogwira.

Tiyeni tifunse cifukwa cace bolodi lakhala nafe zaka zoposa 100. Mmisiri wa pamudzi angathe kulipala, kapena womanga angalipake ndi simenti pa khoma. Likacita mbuu, ana amalidetsanso ndi makala osinja pamodzi ndi masamba. Silifuna magetsi. Ndiponso limalankhula cinenero ciri conse cimene mphunzitsi alemba: Cisenga, Cinyanja kapena Cingerezi. Tikumbukire zinthu zitatu izi, pakuti ndizo muyeso umene tiyesere zipangizo zonse zobwera pambuyo.

NTHAWI YA WAILESI

Bungwe la Phelps-Stokes litayendera sukulu za Northern Rhodesia mu 1924, Boma linakhazikitsa cigawo ca maphunziro a anthu akuda mu 1925, ndipo G. C. Latham ndiye anacitsogolera. Sukulu ya Jeanes inatsegulidwa ku Mazabuka, nisamukira ku Chalimbana mu 1939. Aphunzitsi a Jeanes anali kuyendera sukulu za m'midzi ndi kulimbikitsa anzao kupanga okha zothandizira kuphunzitsa: timitengo ndi nthanga zowerengera, mapu a dothi pabwalo, ndi munda wa sukulu.

Cinthu coyamba cocokera kutali cimene cinalankhula m'midzi cinali wailesi. Nyumba youlutsa mau inayamba ku Lusaka mu 1941, ndipo mu 1949, mwa khama la Harry Franklin, kampani ya Ever Ready inapanga wailesi yochipa yochedwa Saucepan Special, cifukwa cikombole cace cinali ngati poto wophikira. Mtengo wace unali mapaundi 5, ndi masiling'i 25 a batire. Anthu anamva nkhani ndi nyimbo m'Cinyanja, Cibemba, Citonga ndi zinenero zina, ndipo mau a Alick Nkhata anadziwika kutali. Koma batire likatha, mwini wailesi wa kuno anayenera kudikira munthu wopita ku Lundazi, ndipo m'dzinja, mitsinje itadzala, wailesi inali kungokhala duu.

Bvuto la batire linapeza yankho patapita zaka 50. Mu 2000 Unduna wa Maphunziro, pothandizana ndi bungwe la Education Development Center la ku America, unayamba maphunziro a pa wailesi ochedwa Learning at Taonga Market, makamaka cifukwa ca ana amasiye ndi ena amene analibe malo m'sukulu. M'malo ambiri anagwiritsa nchito mawailesi opukusa ndi dzanja kapena olandira mphamvu ku dzuwa. Nzeru yace inali iyi: mphunzitsi wa pa wailesi anali kufunsa funso, nakhala cete kanthawi kuti ana ayankhe, kapena kuti mlangizi wa pamudzi alembe pa bolodi. Cotero wailesi inayenda bwino kumene kunali munthu woimirira patsogolo pa ana, ali ndi coko m'dzanja.

BOLODI LA MAGETSI

Bolodi limene tinaona pa foni lija linayamba kugulitsidwa mu 1991 ndi kampani ya SMART Technologies ya ku Calgary m'dziko la Canada, imene anaiyambitsa David Martin ndi Nancy Knowlton. Magwiridwe ace a poyamba anali otere: kompyuta imatumiza cithunzi ku pulojekita, pulojekita imaponya cithunzico pa bolodi, ndipo bolodi limamva pamene cala kapena colembera cakhudza, nilibweza uthenga ku kompyuta. Mphunzitsi angathe kukoka mau, kukuza cithunzi, ndi kusunga zonse zimene walemba kuti azitsegulenso mawa. Masiku ano ambiri amagula galasi lalikuru longa la televizyoni, losafuna pulojekita.

Boma la Britain linaononga ndalama zambiri kugulira sukulu mabolodi amenewa m'zaka za 2003 mpaka 2005. Koma mu 2007 akatswiri a Institute of Education ya ku London, atafufuza sukulu za sekondale za mumzindawo, sanapeze umboni wakuti ana anakhoza mayeso koposa kale m'caka coyamba ca mabolodiwo. Anaonanso kuti m'makalasi mwina ana anasanduka oonerera cabe. Ngati zinatero ku London, kumene magetsi sazima ndipo wokonza ali pafupi, nanga kwathu kuno, kumene kutentha kwa October ndi pfumbi zimaononga makina, ndipo galasi la pulojekita likapsa lina liyenera kucokera ku Lusaka? Pa miyeso itatu ija, bolodi la magetsi likhoza umodzi wokha, wa cinenero, popeza nalo mungalembepo Cisenga.

ZAULERE ZA PA INTANETI

Zambia inalumikizidwa ku intaneti mu 1994 kudzera mwa ZAMNET pa Yunivesiti ya Zambia, koma panapita zaka zambiri foni ya m'manja isanafikitse intaneti m'thumba la mphunzitsi wa kumudzi. M'zaka zomwezo anthu a maiko osiyanasiyana anayamba kupereka zophunzitsira kwaulere. Wikipedia inayamba mu 2001, ndipo iri ndi zigawo za Cicewa ndi Citumbuka, ngakhale nzazing'ono. M'caka comweco Markus Hohenwarter wa ku Austria anayamba GeoGebra, yojambulira ndi kuyesera masamu. Mu 2002 Carl Wieman anayamba PhET pa Yunivesiti ya Colorado, kumene mwana angalumikize batire, waya ndi babu pa galasi, naona ngati liyaka. Mu 2005 Open University ya ku Britain, pamodzi ndi makoleji a mu Africa, inayamba TESSA, imene imapatsa mphunzitsi wa pulaimale njira zophunzitsira kalasi lalikuru ndi zinthu zopezeka pamudzi. Khan Academy inakhazikitsidwa mu 2008. Mu 2014 bungwe la Saide la ku South Africa linatsegula African Storybook, nkhokwe ya timabuku ta nthano ta zithunzi m'zinenero za mu Africa, ndipo aliyense aloledwa kutenga kabuku, kukamasulira m'cinenero cace ndi kukasindikiza. Kwa amene ali ndi kompyuta ndi pulojekita ilipo OpenBoard, pulogalamu yaulere ya ku Switzerland imene imasandutsa khoma loyera kukhala polembera.

Ena anaganizira za ife amene intaneti imatibvuta. Kiwix, ya mu 2007, imalola munthu kusunga Wikipedia m'kompyuta kapena m'foni ndi kuiwerenga popanda intaneti. Kolibri, ya mu 2017, imasunga maphunziro ambiri m'kompyuta imodzi imene imagawira mafoni ndi matabuleti a pafupi. M'Zambia momwe muno kampani ya iSchool inapanga tabuleti yochedwa ZEduPad, yokhala ndi maphunziro a pulaimale m'Cingerezi ndi m'zinenero za kuno, koma imeneyo inali yogula. Ku Malawi bungwe la onebillion lakhala likuphunzitsa ana kuwerenga ndi masamu m'Cicewa pa matabuleti olandira mphamvu ku dzuwa, ndipo mu 2019 linali mmodzi wa awiri opambana mphotho ya Global Learning XPRIZE.

Koma mbiri iri ndi macenjezo awiri. Loyamba, lamulo likathamanga kuposa zipangizo, wobvutika ndi mwana. Phunziro la kompyuta litalowa m'silabasi, ana a Giredi 9 analemba mayeso ace koyamba mu 2015, ndipo manyuzipepala anasimba za sukulu kumene ana anadikirana pa makompyuta owerengeka kufikira usiku. Mu March 2020, sukulu zitatsekedwa cifukwa ca mliri wa COVID-19, maphunziro anaikidwa pa intaneti, pa televizyoni ndi pa wailesi, koma mwana wa m'mudzi wopanda magetsi sanaone za pa intaneti kapena za pa televizyoni. Laciwiri, caulere ciri ndi mwini wace. Pa mapeto a 2020 pulogalamu ya Adobe Flash inalekedwa, ndipo masewera ambiri ophunzitsira amene anapangidwira mabolodi a magetsi analeka kutseguka. Pa mapeto a 2024 Google inatseka Jamboard, bolodi lace la pa intaneti. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Cimene mwaciona pa intaneti ndi kucikonda, cisungeni m'foni, ndipo cofunika koposa cikopereni m'kope.

CIMENE CITIKHUDZA IFE

Pali cinthu cimodzi cimene makina onsewa sanatikonzere. Zinenero za cigawo zimene Boma linasankhira sukulu ndi 7: Cinyanja, Cibemba, Citonga, Cilozi, Cikaonde, Cilunda ndi Ciluvale. Cisenga ndi Citumbuka palibe. Mwana wa kwa Kambombo, kwa Tembwe kapena kwa Chikwa amafika ku sukulu ndi cinenero ca amace, nakumana ndi Cinyanja ndi Cingerezi, ndipo zambiri za pa intaneti ziri m'Cingerezi cokhacokha. Amene amamuolotsa pakati pa zinenero zitatuzi ndi mphunzitsi, monga anacitira aphunzitsi a ku Loudon aja.

Ine ndinayesa cinthu cacing'ono. Nditapita ku boma la Chama kumene intaneti imagwira bwino, ndinasunga m'foni kabuku kamodzi ka African Storybook, ndipo madzulo ndinakamasulira m'Cisenga mothandizidwa ndi mai wina wacikulire amene anandikonzera mau anai amene ndinaphonya. M'mawa ndinalemba ziganizo pa bolodi lathu lakuda, ndi kuyendetsa foni m'magulu kuti ana aone zithunzi. Batire inatha phunziro liri pakati, popeza ndinaiwala kuicaja pa sola, ndipo kulakwa kumeneko kunali kwanga. Koma ziganizo zinatsala pa bolodi, ndipo mtsikana wina amene sanali kutsegula pakamwa m'kalasi anaimirira nawerenga mzere wathunthu.

Cotero ndipempha bungwe lathu zinthu zitatu. Sukulu zoyandikana zisankhe mphunzitsi mmodzi wosunga zaulere zimenezi, kuti pa misonkhano ya zoni tizigawana pa mafoni osaononga ndalama za intaneti aliyense payekha. Ngati wacifundo afuna kutithandiza, tiyambe kupempha sola, batire ndi mabuku, ndipo tifunse amene adzakonza makina akaonongeka. Bolodi la magetsi libwere pambuyo pa zimenezi. Ndipo mphunzitsi aliyense amasulire kabuku kamodzi m'Cisenga pa teremu, kapena alembe nthano ya kwao ya mpunga, ya njobvu kapena ya mtsinje wa Luangwa. Aphunzitsi 20 akatero, caka cisanathe tidzakhala ndi timabuku 60.

Ndidzakondwa ngati akulu anga amene anaphunzitsa m'masiku a sileti ndi a Taonga adzalembera Akonzi zimene anaona ndi maso ao, kuti m'kope likudzalo adzaonjeze pa mbiri iyi.

Ine mnzanu pa nchito,
Mphunzitsi wa pulaimale,
Kambombo, Chama.