Mpikisano wodutsa m'misipu ya ku Mont Blanc

Kumapeto kwa Ogasiti chaka chilichonse, Lachisanu dzuwa litapendeka, anthu oposa 2,000 amathithikana pabwalo la tchalitchi m'tauni ya Chamonix ku France, tizikwama kumsana, matochi pamphumi. Chowayembekezera ndi liwiro la makilomita pafupifupi 170 lozungulira phiri la Mont Blanc, kudzera ku Italy ndi ku Switzerland, mpaka kubwerera pomwe anayambira. Zitunda zonse zimene amakwera zikaphatikizidwa zimakwana mamita 10,000, kuposa msinkhu wa Everest, ndipo ayenera kufika pasanathe maola pafupifupi 46 ndi theka. Umenewu ndiye Ultra-Trail du Mont-Blanc, kapena kuti UTMB.

Mpikisanowu ndi wadzulodzuloli, koma njira zake n'zamakedzana, ndipo zambiri anaziponda ndi abusa. Chipale chikasungunuka mu Juni, oweta a m'zigwa za kumeneko amakusira ng'ombe zawo kumisipu ya pamwamba, komwe zimakhala masiku pafupifupi 100. Kale kunalibe njira yotsitsira mkaka kumudzi usanasase, choncho ankausandutsa tchizi konko, m'tinyumba tamiyala. Tinjira tolumikiza tinyumbati ndi midzi ndi mipata ya mapiri ndi timene othamanga amabwereka masiku ano.

Akawoloka mpata wa Bonhomme usiku woyamba, amatsetserekera ku Les Chapieux, kamudzi ka m'dera la tchizi cha Beaufort. Tchizi chimenechi chimachokera ku mkaka wa ng'ombe za mitundu iwiri yokha, Tarine ndi Abondance. Chigulumwa chimodzi chimalemera makilogalamu ngati 40, chimadya malita pafupifupi 400 a mkaka, ndipo chimasungidwa miyezi yosachepera isanu chisanagulitsidwe. M'mbali mwake ndi molowa m'kati. Eni dera amati mpata umenewo unkathandiza kuti chingwe chigwire bwino pochimangirira pamsana pa nyulu. Chotamandika kwambiri ndi chimene amachitcha chalet d'alpage, chopangidwa pamwamba pa mamita 1,500, kawiri patsiku, ndi mkaka wa khola limodzi basi.

Kunatsala pang'ono kuti zonsezi zithe. M'zaka za m'ma 1960 achinyamata ankathawa ntchito ya ubusa kukasaka maganyu amalipiro, damu la Roselend linamiza misipu ina, ndipo tchizi chopangidwa pachaka chinatsika osafika n'komwe matani 500. Alimi motsogozedwa ndi Maxime Viallet anagwirana manja m'makopaletivi, ndipo mu 1968 dzina la Beaufort linatetezedwa ndi lamulo. Kenako kunabwera makina okamira oyenda nawo kuphiri. Otsatsa mpikisano satchula kawirikawiri nkhani imeneyi, chonsecho udzu waufupi wobiriwira umene umakongoletsa zithunzi zawo umametedwa ndi ng'ombe. Zikanachoka, malo ambiri bwenzi ali tchire.

Ndiye kunabwera 2003. Michel Poletti ndi mkazi wake Catherine, pamodzi ndi anzawo ochepa a ku Chamonix, anaganiza zoti njira imene oyenda pansi amaitha m'sabata imodzi kapena masiku khumi, munthu aithamange kamodzin'kamodzi. Anthu 722 anabwera. Nyengo inawalandira ndi mvula, matalala ndi chisanu choluma, moti amene anazungulira phiri lonse anali 67 okha. Woyamba anali Dawa Dachhiri Sherpa wa ku Nepal, atathamanga maola 20 ndi mphindi zochepa; kwa amayi anapambana Krissy Moehl wa ku America. Wina akanaganiza kuti manyazi oterowo aupha mpikisanowo. M'malo mwake mbiri ya kuvuta kwake ndi imene inakoka anthu.

Mu 2006 ndi 2007 anapambana Marco Olmo, bambo wa ku Italy woyendetsa makina okumba miyala, atatsala pang'ono kukwanitsa zaka 60. Chaka chotsatira chikho chinapita kwa mnyamata wa zaka 20, Kilian Jornet wa ku Catalonia, yemwe anadzapambananso mu 2009, 2011 ndi 2022. Lizzy Hawker wa ku Britain anachitenga kasanu. Phiri nalo linkakumbutsa anthu mwini malo: mu 2010 mpikisano unaimitsidwa utangoyamba chifukwa cha chimvula, ndipo mu 2012 njira inafupikitsidwa n'kukhala ya mu France mokhamokha.

Pamalo opumira, patebulo pamakhala supu wotentha, buledi, soseji youma ndi tchizi chodulidwa timabenthu, ndipo munthu amene m'kamwa mwatopa ndi zotsekemera amathamangira chamcherecho. Kukacha ali ku Italy, kwa ng'ombe za Valdostana zopereka mkaka wa tchizi cha Fontina. Akakwera Grand Col Ferret, mamita oposa 2,500, amagwera ku Switzerland, kwawo kwa tchizi cha raclette ndi ng'ombe zakuda za Hérens, zomwe zazikazi zake zimagundana mitu polimbirana ufumu wa khola. Ochemerera m'njira monsemo amaliza mabelu a ng'ombe, kotero pakati pa usiku wothamanga sadziwa ngati kutsogoloko kuli anthu kapena ziweto.

Kutchuka kwabwera ndi zake. Malo amapezeka mwa mayere, ndipo kuti munthu alowe m'mayerewo ayenera kuyamba wathamanga mipikisano ina ya kampani yoyendetsa UTMB. Chiyambire 2021, pamene UTMB inagwirizana ndi kampani ya Ironman, othamanga ambiri akhala akudandaula kuti chimene chinayamba ngati maloto a anthu apamudzi chasanduka bizinesi yapadziko lonse. Dandauloli lili ndi mutu, ngakhale odandaula omwewo salephera kulembetsa.

Jim Walmsley wa ku America anayesa kangapo osaphula kanthu. Mu 2022 anasamuka ku Arizona kukakhala ku Arêches, mudzi wa oweta ng'ombe pafupi ndi Beaufort, moyandikana ndi François D'Haene, katswiri wa ku France amene anapambana kanayi. Chaka chimenecho anatsogola nthawi yaitali koma anathera pa nambala 4. Mu 2023 anafika ku Chamonix m'maola 19 ndi mphindi 37, mwamuna woyamba wa ku America kupambana UTMB, pomwe Courtney Dauwalter ankatenga chikho cha amayi kachitatu.