Kowerengera alendo komwe kanabala Facebook

Anzanga, tsamba loyamba la pa intaneti linalibe chithunzi ngakhale chimodzi. Tim Berners-Lee analikonza ku CERN, malo a kafukufuku wa sayansi pafupi ndi Geneva, ndipo anthu akunja anayamba kuliona mu 1991. Munali mawu ndi malinki, basi. Zithunzi zinayamba kuoneka pakati pa mawu mu 1993, itatuluka pulogalamu yotsegulira masamba yotchedwa Mosaic. Zina zambiri zimene mumaziona lero, monga malo olembapo ndemanga, anazifalitsa ndi anthu wamba amene ankakonza timasamba tawo kunyumba n'kumaona kuti tikuperewera kanthu.

Ambiri mwa anthuwa anasonkhana pa GeoCities, kampani ya ku California yomwe inayamba mu 1994. Inkakupatsa malo aulere, iwe n'kusankha "dera" lokhalamo molingana ndi zokonda zako: okonda mafilimu ku Hollywood, a makompyuta ku SiliconValley. Poyamba munthu ankapatsidwa malo a 2 MB. Tangoganizani, chithunzi chimodzi chojambula ndi foni yanuyo chikhoza kudzaza pulotiyo yonse.

Koma mmene munthu amachitira akamanga nyumba mukudziwa: khoma likangoima, mtima uli pa penti. Anthu anayamba kuika mawu ophethira ngati nyale ya ambulansi, amene Netscape inabweretsa, ndi mawu oyenda chammbali, a Microsoft. Ena ankaika nyimbo yoyamba kulira yokha tsamba likatseguka, ena tizithunzi ta munthu wokumba ndi fosholo, kusonyeza kuti ntchito ikadali mkati. Ntchitoyo siinkatha, eti. Kunena zoona masamba ambiri anali onyansa, ndipo popeza intaneti inkadutsa pa waya wa telefoni, mlendo ankadikira nthawi yaitali kuti zokongoletsazo zitseguke. Inu amene mumaona bandulo ikusungunuka pa tsamba lodzaza makanema, ululu wake ndi womwewo.

Zokongoletsa zinali zosavuta, unkangolemba mzere umodzi. Vuto linabwera pamene mwini tsamba anafuna kudziwa: kodi alipo amene akubwera kuno? Apa panafunika zinthu ziwiri. China chinali kowerengera alendo, kamanambala kooneka ngati mita ya galimoto pansi pa tsamba. China chinali buku la alendo, ngati lija timasainira ku ofesi kapena kutchalitchi, loti wobwera asiyemo dzina ndi moni. Izi sizikanatheka ndi tsamba lokha, chifukwa tsamba silikumbukira kanthu. Pankafunika kapulogalamu kokhala pa seva, kolandira zimene mlendo walemba n'kuzisunga. Ndipo anthu ambiri samadziwa kulemba mapulogalamu.

Amene anawathandiza anali mwana wa sukulu ya sekondale. Mu 1995 Matt Wright, wa ku Colorado, anatsegula tsamba lotchedwa Matt's Script Archive, pomwe ankagawa mwaulere timapulogalamu tolembedwa m'chinenero cha Perl: kowerengera alendo, buku la alendo, bolodi yokambirana, ndi FormMail, yomwe inkatenga zolembedwa pa fomu n'kuzitumiza ku imelo ya mwini tsamba. Anthu miyandamiyanda anakopera n'kumata, osawerenga n'komwe zamkati mwake.

Apa mumvetsere bwino, makamaka amene mukufuna kuika fomu pa tsamba la kalabu kapena la kabizinesi kanu. Mu FormMail yoyambirira, adiresi yolandira uthenga inkalembedwa pa tsamba lenilenilo, mobisika pang'ono chabe, ndipo pulogalamuyo inkangokhulupirira chilichonse chimene yapatsidwa. Otumiza mauthenga achinyengo ndi otsatsa malonda atazindikira, ankasintha adiresiyo n'kumatumiza zinyalala zawo kwa aliyense kudzera pa seva ya munthu wosalakwa. Iye ankaganiza kuti waboola kazenera kolandirira makalata, osadziwa kuti wasiya chitseko chakuseri chili pululu. Zinafika poti mu 2001 gulu la akatswiri a Perl ku London linayamba kulemba timapulogalamu tina tolowa m'malo mwake. Ine sindimuda Matt. Anali mnyamata wogawa zimene anali nazo, ndipo akuluakulu ambiri amene anakopera sanafunse funso lililonse.

Nkhani imene imandisangalatsa kwambiri ndi ya Rasmus Lerdorf, wobadwira ku Greenland. Iyeyu anaika CV yake pa intaneti, ndiye ankafuna kudziwa amene akuiwerenga. Analemba tizida tochepa tochitira zimenezo, ndipo mu 1995 anatigawa kwa anthu pansi pa dzina loti Personal Home Page Tools. Chidule chake ndi PHP. Anthu ena anaonjezerapo, n'kuonjezeraponso, mpaka inasanduka chinenero chathunthu cholembera mapulogalamu. WordPress, yomwe inatuluka mu 2003 ndipo lero imayendetsa masamba ochuluka zedi padziko, inalembedwa mu PHP. Facebook nayonso, itayamba mu 2004, inali ya PHP. Ndiye mukamadina "like", dziwani kuti agogo ake a batani limenelo ndi kowerengera alendo ka munthu wofuna ntchito.

Nanga GeoCities? Yahoo inaigula mu 1999 pa mtengo wopitirira madola 3 biliyoni. Patapita zaka khumi, anthu atasamukira ku MySpace ndi Facebook komwe zonse unkazipeza zokonzeratu, Yahoo inatseka GeoCities pa 26 Okutobala 2009, kupatula ya ku Japan yomwe inakhalapo mpaka 2019. Puloti inali yaulere, inde, koma mwini nthaka anali wina. Gulu la anthu odzipereka lotchedwa Archive Team linathamanga kukopera zimene likanatha tsikulo lisanafike, ndipo linapulumutsa zinthu zokwana pafupifupi 650 GB. Mukatsegula ena mwa masamba opulumukawo lero, kamunthu ka fosholo kaja kakadakumbabe. Koma pambiri pomwe panali kowerengera alendo pangotsala kabokosi kopanda kanthu, chifukwa seva yomwe inkasunga nambalayo inazima kalekale.