Funso lomwe linachedwa kufika kusikelo

Achemwali anga atatuluka m'chikuta ndi mwana wawo woyamba kwathu ku Chigwirizano, anasiya kuyankhula. Ankangokhala pakhonde, mwana ali pamsana, maso ali kumsewu. Kusikelo ankayeza mwana mwezi ndi mwezi n'kulemba m'kabuku, koma palibe anafunsa mayi wakeyo kuti mumtima muli bwanji. Amayi ankati ndi kutopa basi. Ine ndinali Fomu 3 ndipo ndinavomereza.

Ndili ku yunivesite ndinayamba kufufuza kuti funso limeneli linayamba liti kufunsidwa m'Malawi muno, ndipo ndinapeza kuti ndi dzulodzuloli. Atsamunda anayamba ndi kutsekera. Mu 1910 odwala misala anawapatulira malo awoawo pansi pa ndende ya Zomba, ndipo chipatala cha Zomba Mental chinatsegulidwa mu 1953. Boma linkalabadira munthu wosokoneza pamsika kapena pamunda wa mzungu. Mayi wolira mwakachetechete kuseri kwa nyumba sankasokoneza aliyense, choncho m'mabuku awo mulibemo.

Mu 1987 John Cox ndi anzake ku Scotland anatulutsa mafunso khumi otchedwa Edinburgh Postnatal Depression Scale, ozindikirira mayi yemwe wakhumudwa kwambiri atabereka. Kuno nkhaniyi inamveka bwino mu 2008, pomwe Robert Stewart ndi anzake anasindikiza zomwe anapeza pachipatala cha Thyolo. Anacheza ndi amayi obwera kudzabayitsa ana katemera wa chikuku, ndipo anapeza kuti ana a amayi ovutika maganizo anali ofupikirapo msinkhu poyerekeza ndi anzawo. Kunena zoona, sindikhulupirira kuti akuluakulu akanatchera khutu pakanapanda msinkhu wa anawo. Misozi ya mayi siyezeka pasikelo, koma kupinimbira kumayezeka.

Chomwe chimandikoka ine wophunzira zilankhulo ndi mbiri ndi ntchito yomwe inatsatira. Mafunso a ku Edinburgh aja anayenera kumasuliridwa m'Chichewa n'kuyesedwa pa amayi oyembekezera ku Mangochi, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2013. Si ntchito yongotsegula dikishonale. Mukafunsa mayi ngati akudwala matenda a maganizo, amva ngati mukumunena kuti ndi wamisala, ndipo akana. Mukafunsa ngati amaganiza kwambiri, ngati tulo timabwera, ngati mtima ukuwawa, mwina ayankha. Ku Zimbabwe Dixon Chibanda anamanga Friendship Bench pa mawu a Chishona akuti kufungisisa, omwe ndi kuganiza kwambiri komweku, n'kuphunzitsa agogo aakazi kumvetsera anthu pabenchi kunja kwa chipatala. Njirayi inadzayesedwanso m'zipatala za mu Lilongwe muno.

Lero bungwe la MEIRU likutsata amayi oyembekezera ndi ana awo ku Area 25 ndi ku Chilumba m'kafukufuku wa Generation Malawi. Ntchito zoterezi n'zochepa, zambiri zimadalira ndalama zakunja, ndipo thandizo likatha kontrakiti nayo yatha. Ndikudziwa zimenezo. Nditauza amayi kuti ndikufuna kulowera kumeneko, anandifunsa kuti, "Ndiye ukhala dokotala?" Ndinati ayi, ndizikafunsa amayi mafunso. Anaseka mpaka kugwira m'mimba. Achemwali, omwe ankasenda mbatata pambali, sanaseke nawo. Anangoti, "Ukadzayamba, udzayambire ine."