Mitengo ya ku Chikangawa ndi Fakitale Imene Sinabwere

Aliyense amene anadutsapo pa msewu wa M1 kuchokera ku Jenda kupita ku Mzuzu m'zaka za m'ma 1990 amakumbukira mitengo ya paini imene inkatchinga dzuwa mbali zonse za msewu, ndi chifunga chimene chinkakuta mapiri a Viphya m'mawa. Alendo ena ankayesa nkhalango yachilengedwe, komatu mtengo uliwonse unachita kubzalidwa ndi dzanja la munthu. Nkhalangoyi inali yankho la boma pa vuto lakalekale la chigawo cha kumpoto, vuto la kusowa kwa ntchito, ndipo mbiri yake ili ndi phunziro kwa ife tonse.

Vutoli linayamba m'nthawi ya atsamunda. Amishoni a Livingstonia atakhazikika ku Khondowe m'chaka cha 1894, anaphunzitsa anyamata ambiri kuwerenga, kulemba, ukalaliki ndi ntchito zamanja. Koma minda ikuluikulu ya azungu, njanji ndi maofesi a boma zinali kummwera, ku Blantyre, Zomba, Thyolo ndi Mulanje. Mnyamata wa ku Nkhata Bay kapena ku Mzimba anali ndi maphunziro m'mutu ndi msonkho pakhosi, koma analibe kolembedwa ntchito. Choncho anthu anayamba ulendo wa ku Salisbury, ku migodi ya mkuwa ya ku Northern Rhodesia ndi ku Joni. Mmodzi mwa iwo anali Clements Kadalie wa ku Chifira, amene anakayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU ku Cape Town m'chaka cha 1919. Ena sanabwererenso, ndipo kumudzi ankawatcha matchona. Azungu nawo anafika popatsa chigawochi dzina lonyoza lotanthauza kuti kumpoto n'kwakufa.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, boma la atsamunda linayesa kuchitapo kanthu. Bungwe la Colonial Development Corporation linatsegula minda ya mitengo ya tung, imene mafuta ake amapangira penti, pamalo pamene lero pali mzinda wa Mzuzu. Linayesanso ulimi wa mpunga ku dambo la Limphasa. Ntchito ziwirizi sizinapindule monga ankayembekezera, ndipo chimene chinatsala ndi tauni ya Mzuzu, imene inadzakhala mzinda m'chaka cha 1985.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, boma la Dr Hastings Kamuzu Banda linabwera ndi maganizo aakulu kuposa amenewa. Linaganiza zodzaza mapiri a Viphya ndi mitengo ya paini, kenaka n'kumanga fakitale yaikulu ku Chintheche, m'mbali mwa nyanja, yogaya mitengoyo kukhala phala lopangira mapepala logulitsa kunja. Mitengo ina inali itabzalidwa kale pang'ono m'zaka za m'ma 1950, koma tsopano ntchito inakula kwambiri, mpaka nkhalango yonse inafika mahekitala pafupifupi 53,000 n'kumatchulidwa pakati pa nkhalango zazikulu zobzalidwa ndi anthu mu Africa muno.

Kunena zoona, m'zaka zobzala ntchito inalipo. Anthu ankafesa mbewu m'manazale, kukumba maenje, kupalira, kulambula misewu ndi njira zotchinga moto, ndiponso kulondera m'nsanja kuti aone kumene utsi wafuka. Ku Chikangawa kunamangidwa nyumba za antchito ndipo kunakhala mudzi. Bambo amene akanakwera ndege ya Wenela ankatha kulandira malipiro ake kufupi ndi kwawo, n'kumaona ana ake akukula.

Kufunika kwa ntchito zapakhomo kunaonekera poyera pa 4 April 1974, pamene ndege ya Wenela inagwa ku Francistown m'dziko la Botswana n'kupha Amalawi 74 amene ankachokera ku migodi. Dr Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi, ndipo pa nthawiyo n'kuti Amalawi oposa 100,000 ali m'migodi ya ku South Africa. Ambiri anabwerera kumudzi. Kulembako kunayambiranso m'chaka cha 1977 pansi pa TEBA, koma anthu ake anali ochepa, ndipo kunatheratu m'chaka cha 1988. Apa m'pamene fakitale ya ku Chintheche inkafunika koposa.

Koma fakitaleyo sinamangidwe. Boma linakhazikitsa kampani ya VIPCOR kuti iyendetse ntchitoyi, akatswiri analemba mapulani, koma ndalama zimene zinkafunika zinali zambiri ndipo zinkakwererakwerera. Mafuta anakwera mtengo padziko lonse m'zaka za m'ma 1970. Nkhondo ya ku Mozambique inatseka njanji za ku Beira ndi Nacala m'zaka za m'ma 1980, kotero kuti katundu wolemera ngati ameneyu akanavuta kufika kudoko. Panalinso mantha akuti madzi oipa ochokera m'fakitalemo akanaononga nyanja ndi nsomba zimene anthu a m'mbali mwa nyanja amadalira. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwa mphepo. Ntchito za ku Chintheche zinali fodya wapachala.

Mitengo yokha sinadikire. Inakula n'kukhwima popanda woigula. Boma linayesa kuotcha makala a paini, ndipo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980 linatsegula fakitale ya matabwa ndi mapulayiwudi ya VIPLY ku Chikangawa. M'chaka cha 1999 fakitaleyi inagulitsidwa ku kampani ya Raiply, imene inapatsidwanso mahekitala 20,000 kuti iziwasamala. Fakitaleyi inalemba anthu ntchito, koma sikanatha kumeza nkhalango yonse.

Mbali yotsalayo inatsegulidwa kwa ocheka matabwa. M'zaka za m'ma 2000 Chikangawa inadzaza ndi macheka, misasa ndi malole. Anyamata ankacheka, amayi ankasenza matabwa pamutu kukafika nawo kumsewu, ena ankagulitsa zakudya. Ndalama zinkayenda ndithu, koma matabwa ambiri ankatuluka osapalidwa n'komwe kupita ku Tanzania ndi maiko ena a kummawa kwa Africa, kumene akalipentala a kumeneko ndi amene ankapanga mipando ndi zitseko. Kudula kunaposa kubzala, moto nawo unkapsereza mahekitala ambiri chaka ndi chaka, ndipo pofika m'zaka za m'ma 2010 mapiri ambiri anali atasanduka zitsa zokhazokha. Mitengo itatha, ganyu nayenso anatha. Paini amatenga zaka zoposa 20 kuti afike pochekedwa, choncho ngakhale kumene abzalanso, phindu lake lidzadyedwa ndi ana.

Tikaiona bwino mbiriyi, tipeza kuti boma silinalakwe pobzala mitengo. Cholakwika chinali kumangirira chiyembekezo cha chigawo chonse pa fakitale imodzi imene ndalama zake zinali m'matumba a anthu akunja, popanda kukonzeratu chochita ngati italephereka. Ntchito yobzala imatha mbande zikatha, yodula imatha mitengo ikatha. Ntchito yokhalitsa ndi ya mmisiri amene amasandutsa thabwa kukhala desiki, chitseko kapena bedi pafupi ndi pamene mtengowo unamera, m'nkhalango imene wodula aliyense amabzalanso.

Mpaka lero mabasi a ku Joni amanyamukabe ndi achinyamata a ku Mzimba ndi Nkhata Bay, ndipo nyumba zambiri zamalata m'midzi imeneyi zinamangidwa ndi ndalama za kumeneko, monga zinalili m'nthawi ya agogo awo. Aliyense amene adzabwere ndi lonjezo latsopano la ntchito kumpoto, ayambe waima kaye pa Chikangawa n'kufunsa anthu a pamenepo mmene lonjezo loyamba lija linathera.