Mbiri ya Kufupikitsa Mawu m'Mauthenga a Malonda

Chizolowezi chofupikitsa mawu polemba uthenga, chimene anthu ambiri masiku ano amati chinabwera ndi achinyamata pamodzi ndi mafoni a m'manja, chinakulira m'manja mwa amalonda zaka zoposa 100 foni yoteroyo isanapangidwe. Gwero lake linali telegalamu, womwe ndi uthenga wotumizidwa pa waya pogwiritsa ntchito timadontho ndi timizere toimira zilembo, njira imene Samuel Morse anaionetsa poyera mu 1844 pakati pa mizinda ya Washington ndi Baltimore. Makampani a telegalamu ankalipiritsa powerenga mawu, kotero kuti liwu lililonse losafunikira linali ndalama yotayika, ndipo pamene waya wa pansi pa nyanja ya Atlantic unayamba kugwira ntchito mokhazikika mu 1866, uthenga waufupi wopita kutsidya unkadya ndalama pafupifupi madola 100, zomwe wantchito wamba sakanazipeza ngakhale pa mwezi wathunthu. Wamalonda amene ankafunika kudziwa mtengo wa thonje kapena tsiku lonyamukira sitima analibe chochitira china koma kuphunzira kunena zambiri ndi mawu ochepa.

Oyamba kufupikitsa anali akalaliki otumiza mauthengawo. Mu 1859 kampani ya Western Union inakhazikitsa mndandanda wa manambala oimira ziganizo zobwerezedwa kawirikawiri, momwe 73 inkaimira moni wa mafuno abwino ndipo 30 inkasonyeza kuti uthenga watha, ndipo mu 1879 Walter Phillips anasindikiza buku la zidule zothandiza otumiza nkhani za m'manyuzipepala, m'mene munachokera chidule cha SCOTUS chimene chimagwiritsidwabe ntchito potchula khoti lalikulu la dziko la America. Amalonda anapitirira pamenepo polemba mabuku a mawu achinsinsi, omwe cholinga chake chenicheni chinali kuchepetsa mtengo osati kubisa nkhani, chifukwa aliyense ankatha kugula bukulo m'sitolo. Buku la ABC Telegraphic Code la William Clausen-Thue, lomwe linatuluka m'zaka za m'ma 1870, linkapereka liwu limodzi loimira chiganizo chonse chokhudza katundu, sitima kapena malipiro. Msonkhano wa maiko wa za telegalamu wochitikira ku London mu 1903 utalola mawu ongopeka a zilembo zosapitirira 10, malinga ngati angatchulike pakamwa, buku la Bentley la mu 1906 linagwiritsa ntchito mawu a zilembo 5, kotero kuti wamalonda ankalumikiza awiri n'kulipira ngati liwu limodzi.

Chofunika kuchimvetsa pa nyengo imeneyi n'chakuti chidule sichinkaonedwa ngati chipongwe kapena ulesi. Makampani olemekezeka ankasindikiza pamwamba pa mapepala awo a makalata dzina la buku limene ankagwiritsa ntchito, nthawi zina mpaka kusonyeza kuti ndi kope lachingati, kuti wolemba ndi wowerenga atsegule tsamba limodzimodzi. Ulemu wa chidule unkachokera m'pangano limenelo. Waya wa kampani ya African Transcontinental Telegraph, imene Cecil Rhodes anaiyambitsa mu 1892, utadutsa ku Blantyre ndi ku Karonga polowera kumpoto, amalonda a m'dziko la Nyasaland analowanso m'dongosolo lomwelo la mauthenga owerengedwa liwu ndi liwu.

Kufupikitsa kotereku kunali ndi choopsa chake, ndipo mlandu wa Frank Primrose, wamalonda a ubweya wa nkhosa wa ku Philadelphia, umachionetsa bwino kuposa kufotokoza kulikonse. Mu 1887 iye anatumizira nthumwi yake ku Kansas uthenga wa mawu achinsinsi momwe liwu lakuti bay linkatanthauza kuti iye wagula kale ubweya, koma m'njira chilembo chimodzi chinasintha n'kukhala buy, kusiyana kwake kukhala kadontho kamodzi kokha pa waya, ndipo nthumwiyo inamva kuti yalamulidwa kugula. Primrose anataya madola pafupifupi 20,000, koma mu 1894 khoti lalikulu linagamula kuti kampani ya Western Union ingomubwezera ndalama imene analipira potumiza uthengawo, popeza sanalipire kuti uthengawo ubwerezedwe pofuna kutsimikiza. Chiganizo chathunthu chimadziteteza chokha, chifukwa chilembo chimodzi chikalakwika mawu oyandikana nacho amathandiza wowerenga kuzindikira cholakwikacho, pamene chidule chilibe mnzake wochichitira umboni. Ichi ndicho chifukwa chake olemba mabuku a pambuyo pake ankaonetsetsa kuti mawu awo achinsinsi azisiyana ndi zilembo zosachepera ziwiri.

Nzeru yomweyo yokhazikitsa tanthauzo ndiyo inapulumutsa zidule za malonda a pakati pa maiko. Zilembo monga FOB, zosonyeza kuti wogulitsa amaliza udindo wake katundu akakwezedwa m'sitima, ndi CIF, zosonyeza kuti mtengo waphatikiza inshuwalansi ndi malipiro a sitima, zinkamveka mosiyanasiyana m'madoko osiyanasiyana kufikira pamene bungwe la International Chamber of Commerce linasindikiza malamulo otchedwa Incoterms mu 1936. Wogulitsa tiyi kapena fodya wodutsa pa doko la Beira kapena la Nacala amalemba zilembo zitatuzo m'pangano la ndalama zambiri popanda wina kumunena kuti walemba mwachibwana. Makina a telekisi, omwe ankatumiza mawu otayipidwa kuchokera ku ofesi ina kupita ku ina ndipo anayamba ku Germany mu 1933, anawonjezera zidule zina monga PLS, CFM ndi RGDS, chifukwa malipiro ake ankatengera mphindi zimene makinawo alumikizana.

Uthenga wa pa foni ya m'manja, wodziwika ndi dzina lakuti SMS, unatengera cholowa chimenechi mwachindunji. Friedhelm Hillebrand, katswiri wa ku Germany amene anathandiza kukonza njirayi chapakati pa zaka za m'ma 1980, anayesa kutalika kwa ziganizo wamba, nayerekeza ndi zolembedwa pa mapositikhadi ndi pa telekisi, n'kuona kuti zilembo 160 zikwanira. Uthenga woyamba unatumizidwa pa 3 Disembala 1992 ku Britain pa netiweki ya Vodafone. Popeza uthenga uliwonse unkalipiridwa paokha, ndiponso mabatani a foni anali ochepa moti chilembo cha S chinkafuna kudina batani limodzi kanayi, anthu anayamba kuchotsa mavawelo ndi kuika manambala m'malo mwa maphatikizo a mawu. Olemba Chichewa anachitanso chimodzimodzi, moti zikomo amalembedwa zkm ndipo kuseka kumalembedwa ndi mzere wa zilembo za k, ndipo panalinso chovuta china chimene ambiri sankachidziwa, chakuti chilembo cha ŵ sichili pa mndandanda wa zilembo wa GSM umene SMS imagwiritsa ntchito, kotero kuti kuchilemba kamodzi kokha kumatsitsa malire a uthenga kuchoka pa 160 kufika pa 70.

Kusiyana kwa zidule zatsopanozi ndi zakale zija n'kwakuti zatsopanozi zinalibe buku. Zina mwa izo si zatsopano n'komwe, popeza OK anaoneka koyamba m'nyuzipepala ya ku Boston mu 1839 ngati nthabwala, ndipo OMG analembedwa ndi Lord Fisher m'kalata yopita kwa Winston Churchill mu 1917, koma tanthauzo lake limafalikira pakamwa ndi pa chizolowezi cha gulu, ndipo amene ali kunja kwa gululo amangolota. Pa kafukufuku wa Leveson wokhudza manyuzipepala a ku Britain mu 2012 kunamveka kuti David Cameron, yemwe anali nduna yaikulu ya Britain, ankamaliza mauthenga ake ndi LOL poganiza kuti ndi mawu a chikondi, pamene ena onse ankadziwa kuti akutanthauza kuseka. Katswiri wa zilankhulo David Crystal, m'buku lake la mu 2008 lonena za mauthenga a pa foni, anatsutsa mantha akuti zidule zikuwononga chilankhulo, posonyeza kuti mawu ambiri m'mauthengawo amalembedwa athunthu, koma mfundo yakeyo sinathetse nkhawa ya m'maofesi, imene imakhudza kumvana ndi ulemu kuposa galamala.

WhatsApp itabwera mu 2009, ndipo mafoni atakhala ndi zilembo zonse pa galasi, chifukwa chakale cha mtengo chinatha, moti wolemba chidule lero sapulumutsa ndalama iliyonse, amangopulumutsa kamphindi kake n'kusenzetsa wowerenga ntchito yomasulira. M'chilankhulo ngati Chichewa, momwe ulemu umakhala m'kati mwa mawu enieniwo, monga kusiyana kwa iwe ndi inu kapena kuika a patsogolo pa dzina, zilembo zimene wofupikitsa amazidula kawirikawiri ndi zomwezo zimene zimanyamula ulemuwo, ndipo kasitomala wachikulire amaona msanga pamene zasowa. Komabe malonda ambiri tsopano amapanganidwa pa foni, ndipo makhoti ayamba kuwerenga mauthenga aafupi ngati mapangano enieni. Mu 2023 khoti la m'chigawo cha Saskatchewan ku Canada linagamula kuti mlimi wina amene anayankha chithunzi cha pangano logulitsa mbewu ya fulakesi ndi kachizindikiro ka chala chachikulu choloza m'mwamba anavomera panganolo, ngakhale iye ananena kuti ankangosonyeza kuti uthengawo waulandira. Woweruza anayang'ana mapangano am'mbuyo a pakati pa iye ndi wogula mbewuyo, momwe mlimiyo ankavomera ndi timawu tatifupi monga ok kenako n'kuperekadi katunduyo, ndipo analamula kuti alipire madola a ku Canada oposa 82,000.