Masokosi Amene Anapulumutsa Nyama ku Kariba

Ana inu, pamodzi ndi aphunzitsi anu, tiyeni tibwerere ku cigwa ca Zambezi m'caka ca 1958. Khoma la damu la Kariba litatsekedwa, madzi anayamba kukwera, ndipo zitunda zinasanduka zilumba. Atonga pafupifupi 57,000 anasamutsidwa, ambiri a iwo mosafuna. Koma nyama zakuthengo panalibe wozicenjeza. Zinaunjikana pa zilumbazo, msipu nutha, madzi akubwerabe.

Pamenepo oyang'anira nyama a mbali zonse ziwiri za mtsinje anayamba nchito yochedwa Operation Noah. Kutsidya la kum'mwera mtsogoleri wao anali Rupert Fothergill. Iwo anali kupita ndi mabwato, nagwira nswala, njiri, zipembere, ngakhale njoka zimene ambiri a ife tikadazisiya, naziolotsera kumtunda.

Tsono mvetserani ici. Zingwe zomangira miyendo zinali kuceka khungu pamene nyama zinali kuphiriphitha ndi mantha. Anthu aja sanafune kupulumutsa nyama moipweteka. Anapempha amai kuti atumize masokosi ao akale a nayiloni, nawapota kukhala zingwe zofewa. Pofika 1964, nyama zoposa 6,000 zinali zitaolotsedwa.